Kodi Mphamvu ya Mankhwala nja Yani?

Munthu akagula nsalu m'sitolo, nsaluyo nja iye mwini. Angathe kuivala, kuisunga m'bokosi kapena kuing'amba, ndipo palibe amene adzamtengere ku bwalo. Anthu ambiri amayesa kuti ndi chimodzimodzinso ndi mankhwala: ndagula ndi ndalama zanga, kapena andipatsa ku chipatala m'dzina langa, tsono ndingachite nawo monga ndifunira. Pa mankhwala ena maganizo otere apweteka mwini wake yekha. Koma ulipo mtundu umodzi umene suli wotero, ndiwo mankhwala aja opha tizirombo ta mabakiteriya, amene madokotala awatcha maantibayotiki, pamene ife kumudzi tingoti makapisozi. Penisilini, amokisilini, Bactrim, ndi jakisoni uja wa ceftriaxone amene odwala ogonekedwa amabayidwa m'mitsempha, onsewa ali a banja limodzi. Mbulu wa mankhwala otere ungakhale wako ndithu, koma mphamvu yake si ya iwe wekha, pakuti mamwedwe ako a lero angathe kuichepetsa kwa munthu wina amene sudzamuona nkomwe. Tsono funso lathu nali: kodi Mkristu ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu chifukwa cha m'mene achitira ndi mankhwala amenewa? Ndipo ngati mlandu ulipo, ugwera yani?

Mfumu yanzeru siweruza isanamve mboni. Mboni yathu yoyamba ichokera ku Blantyre, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu. Kumeneko madokotala, pamodzi ndi anzao a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, akhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi kuyambira chaka cha 1998, namalemba tizirombo timene apeza ndi mankhwala amene angathe kutipha. M'chaka cha 2017 anaulutsa zimene anaona kufikira 2016. Pa tizirombo tonse timene anatipeza m'magazi a anthu, toposa theka tinali titaleka kumva mankhwala akale amene dziko lathu linkadalira, ndiwo penisilini kapena amokisilini, chloramphenicol ndi Bactrim. Zitatero madokotala anathawira kwa ceftriaxone. Koma taonani chimene chinachitika. Kalipo kachirombo kotchedwa Klebsiella, kamene kamakonda kukhala m'zipatala ndipo kamapha makanda ongobadwa kumene. M'chaka cha 2003, mwa tizirombo 100 ta mtundu umenewu, pafupifupi 12 tokha ndito tinkakana mankhwala a mtundu wa ceftriaxone. Pofika 2016 tinali 90 mwa 100. Kachirombo kena ka m'matumbo, E. coli, kanachoka pa kosakwana 1 kufika pa 30 mwa 100. Zonsezi zinachitika m'zaka 13, nthawi imene mwana wobadwa lero sanathe nkomwe sukulu ya pulaimale ndi kuyamba sekondale bwino.

Chipatala chomwecho chinaonanso tayifodi akusanduka. Kuyambira 1998 kufikira 2010 ankapeza odwala ngati 14 pa chaka. Koma utalowa mtundu wina wa kachirombo kosamva mankhwala atatu aja, m'chaka cha 2014 chokha anapeza oposa 700. Ndipo si kwathu kokha. Akatswiri amene anawerenga maliro a dziko lonse lapansi anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu ngati 1,270,000 anafa chifukwa mankhwala sanagwire tizirombo tao. Chiwerengero chimenechi chinaposa cha amene anafa ndi malungo chaka chomwecho, chinaposanso cha amene anafa ndi Edzi, ndipo maiko a Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo anasenza katundu wolemera koposa.

Kawirikawiri timamva munthu akuti: thupi langa linazolowera mankhwala awa. Iai, si thupi limene lizolowera, koma tizirombo. M'matumbo mwa munthu aliyense, ngakhale wamoyo wangwiro, muli tizirombo tosawerengeka, ndipo tambiri ndi tabwino. Munthu akamwa kapisozi, mankhwala sasankha. Apha tonse timene tili tofooka, nasiya towerengeka timene tili ndi njira yodzitetezera. Totsalato tipeza malo atayera ngati munda wolambulidwa, ndipo tiswana msanga, pakuti kachirombo kamodzi kangathe kugawika pawiri m'mphindi 20 zokha. Chodabwitsa china nchakuti tizirombo timabwerekana nzeru: kamene kadziwa kuononga mankhwala kangathe kupatsira mphamvu imeneyo kanzake ka mtundu wina. Kenaka tituluka m'chimbudzi, tikwera pa manja, pa ntchentche, pa nsalu za pabedi, pa chitsulo chimene sichinaphikidwe bwino. Chipatala ndiye bwalo lao lalikulu, chifukwa m'menemo ndimo mukumana zinthu zitatu: mankhwala ambiri, anthu ofooka ambiri, ndi manja ambiri oyenda kuchoka pa bedi ili kupita pa bedi ilo.

Wina wa ku Linga kapena ku Dwangwa anganene kuti: izo nza ku Blantyre, ife kuno zitikhudza bwanji? Yankho lili pa msewu wa ku Salima. Wodwala amene wakanika pa chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena pa St Anne's, cha abale athu a Anglican, amtumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Akachira abwera kwao ndi chimwemwe, ndipo ena abweranso ndi alendo m'matumbo mwao amene iwo eni sawadziwa. Womdikirira uja, amene anagona pansi pa bedi masabata awiri, abwera naonso. Kusiyana kwa Blantyre ndi kwathu kuno si kwakuti uko kuli tizirombo totere ndipo kuno kulibe. Kusiyana nkwakuti uko kuli anthu amene akhala akuwerenga.

Amene anayamba kufunsa funso lathu la mlandu ndi yemweyo amene anatulukira penisilini. Alexander Fleming anaona mphamvu ya nkhungu ija ku London m'chaka cha 1928, ndipo mu December 1945, polandira mphatso ya Nobel ku Stockholm, m'malo mongokondwera anachenjeza omvera ake ndi fanizo. Anati tiyerekeze mwamuna amene wamva zilonda za kukhosi, nadzigulira yekha penisilini, namwa wochepa, wosakwanira kupha tizirombo koma wokwanira kutiphunzitsa. Pambuyo pake apatsira mkazi wake, mkaziyo adwala chibayo, ndipo penisilini wa ku chipatala alephera, mai uja namwalira. Fleming anafunsa kuti mwini mlandu ndani, ndipo anayankha yekha kuti ndi mwamunayo.

Ife a m'mbali mwa nyanja tingamve fanizo limeneli mosavuta kuposa anthu a ku Stockholm, chifukwa tili nalo lathu lathu. Nsomba ya m'nyanja ilibe mwini kufikira italowa mu ukonde, komabe tonse tidziwa kuti munthu amene asoka masikito a udzudzu nakokera m'madzi osaya, m'mene chambo chisungira ana ake, watenga chinthu chimene sichili chake. Ndowa ya timwana ta nsomba imene wapha lero ndi makoka odzaza amene mudzi wonse sudzakoka chaka chamawa. Akuluakulu a ku Bua akumbukira m'mene mpasa unkakwerera mtsinje nthawi ya mvula, ndipo adziwa m'mene uliri tsopano. Palibe msodzi mmodzi amene tingamloze chala nkunena kuti ndiye anatha mpasa. Aliyense anangotengako pang'ono, aliyense anali ndi ana anjala kunyumba, ndipo aliyense anaganiza kuti: ndikasiya ine, mnzanga atenga. Mphamvu ya penisilini ndi nyanja yotere. Mulungu anaibisa m'nkhungu ya m'dothi, anthu anaipeza mochedwa, ndipo anapatsa mtundu wonse wa anthu, obadwa ndi osabadwa omwe.

Eklezia ali nao mau a chinthu chotere. Aphunzitsa kuti zabwino za dziko lapansi Mulungu anazilengera onse, ndi kuti ufulu wa munthu pa katundu wake uthera pamene payambira ubwino wa anthu onse. Papa Francisco, m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015, anaonjeza kuti mibadwo imene ikudza ili ndi gawo lake pa mphatso zimenezi, ndipo ife tingozisunga. Tikatero, nkhani ya makapisozi ikhudza malamulo awiri: lachisanu, loletsa kupha ndi kuika moyo wa mnzathu pa ngozi, ndi lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba. Ndipo Msamariya wachifundo uja anathandiza munthu amene anamuona ndi maso m'mbali mwa njira. Koma pano tili ndi mnansi wobisika, khanda limene lidzabadwa masiku osakwana m'chipatala china zaka 5 zikudzazo, limene dzina lake palibe alidziwa. Kusamuona sikumchotsa pa unansi.

Komabe ine ndiyesa kuti Fleming anafulumira kugamula, ndipo chigamulo chake sitingangochinyamula kuchoka ku Ulaya nkudzachitula pa Nkhotakota. Katekisimu atiphunzitsa kuti tchimo lalikulu lifuna zinthu zitatu: chinthu chikhale chachikulu, munthu achidziwe bwino, ndipo achifune ndi mtima wake wonse mwaufulu. Tsono tiyeni tiyese mai wa kumudzi wa kutali ndi msewu, amene mwana wake watentha thupi usiku. Chipatala chili kutali, mtsinje wadzaza, wa njinga yamoto afuna ndalama imene iye alibe. Pa okala ya pafupi agulitsa makapisozi mmodzimmodzi, ndipo ndalama yake ikwana anayi. Kodi mai ameneyu adziwa za Klebsiella? Kodi ali ndi ufulu wosankha? Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kwa maiyo mwana amene akubuula pamsana pake ndiye wa pamphuno. Wansembe aliyense wanzeru sangamsenzetse tchimo. Ngati pali mlandu pamenepo, ugwera umphawi umene wamtsekera njira, ndi onse amene akanatha kumtsegulira koma sanatero.

Chimodzimodzinso dokotala wa pa chipatala cha boma kapena cha mishoni, amene amdzutsa pakati pa usiku kuti aone khanda losayamwa, lozizira manja. Kuti adziwe kachirombo kamene kalowa m'magazi afunika labotale yomeretsa tizirombo m'mabotolo, ndipo yankho lidza patapita masiku awiri kapena atatu. Zipatala zambiri za m'maboma zilibe nkomwe zipangizo zotere. Khandalo silingadikire. Iye abaya mankhwala amphamvu amene ali nao, ndipo achita bwino. Chikhulupiriro chathu sichilola kupereka nsembe munthu mmodzi amene ali pamaso pathu kuti tisungire chuma anthu ena. Tikumbukirenso kuti m'dziko muno ana ambiri amafabe ndi chibayo chifukwa amokisilini sanawafike pa nthawi yake. Ndiponso abale athu amene amalandira Bactrim wa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV asaleke chifukwa chowerenga nkhani ino; mankhwalawo awapatsa ndi cholinga, ndipo asunga miyoyo. Munthu amene angamve chenjezo lathu ngati lamulo lakumana odwala mankhwala, wamva chagada.

Nanga tsono mlandu weniweni uli pati? Uli pamene pali kudziwa ndi ufulu, ndipo malo otere ndi ambiri kuposa m'mene tifunira kuvomera. Munthu wophunzira, wa malipiro ake, wagwidwa ndi chimfine. Dokotala amuuza kuti chimfine chidza ndi mavairasi, amene makapisozi sawakhudza, ndi kuti apume, amwe madzi ambiri ndi panado. Iye atuluka ali wokwiya, nanena kuti dokotala uyu sadziwa ntchito, napita kwina kumene ampatsa jakisoni chifukwa walipira. Uyu si mai wa kumudzi uja. Mwini sitolo ya mankhwala amene adziwa kuti lamulo la dziko lifuna kalata ya dokotala, koma agulitsa kwa aliyense wotambasula dzanja chifukwa akakana kasitomala apita kwa mnzake, ndiye msodzi wa masikito uja, koma wovala malaya oyera. Wantchito amene atulutsa mankhwala a boma pa khomo lakumbuyo kuti akagulitsidwe pa msika, padzuwa, waba kawiri: wabera wodwala wa lero, waberanso wa mawa. Ndipo woweta nkhuku amene asungunula makapisozi m'madzi a nkhuku zake tsiku ndi tsiku kuti zinenepe msanga, kapena kuti aletse chitopa (chimene chilinso cha mavairasi, ndipo chili ndi katemera wake), aononga chuma cha anthu popanda phindu ngakhale kwa nkhukuzo.

Palinso tchimo lina limene livala nkhope ya chifundo, ndipo nchifukwa chake livuta kulizindikira. Mai wachira msanga, wasunga makapisozi otsala m'kabotolo pa tsindwi, ndipo mnzake wa mu mphakati akadwala amgawira ndi mtima wabwino. Mtimawo ngwabwinodi, koma mphatsoyo njoipa: matenda a mnzakeyo sanayezedwe, muyeso suli wake, ndipo mwina amchedwetsa kupita ku chipatala ndi malungo amene kapisozi sachiza. Chifundo choona chikanamperekeza pa njira, kapena kumlipirira njinga. Mankhwala amene dokotala walemba amwedwe monga wanenera, pa muyeso wake ndi masiku ake, ndipo ngati munthu aona kuti akumpweteka abwerere kwa amene anampatsa.

Koma ndifuna kukhalitsa pa chinthu china chimene chioneka chochepa, pakuti ndiyesa kuti pamenepo ndipo pagona gawo lalikulu la udindo wathu. M'chaka cha 1847, ku Vienna, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amai ambiri ankafa ndi kutentha thupi atangobereka m'chipinda chimene munkagwira ntchito madokotala ochokera kong'amba mitembo. Analamula kuti onse azisamba m'manja ndi madzi a klorini, ndipo maliro anatsika kwambiri m'miyezi yowerengeka. Anzake ambiri anamnyoza, chifukwa kunali kowawa kuvomera kuti manja a ochiritsa ndiwo ankanyamula imfa. Penisilini anali asanadziwike, koma amaiwo anapulumuka. Matenda amene sanachitike safuna mankhwala, ndipo kachirombo kosamva ceftriaxone kamachokabe ndi sopo ndi madzi. Tsono namwino amene asamba m'manja asanagwire khanda lachiwiri, ngakhale ali yekha pakati pa makanda ambiri ndipo palibe womuona, achita ntchito ya chikondi yoposa imene ambiri a ife tidzachita sabata yonse. Mai wokolopa m'chipinda cha amai oyembekezera, amene dzina lake sililembedwa pa khomo lililonse, ali mlonda wa moyo pamodzi ndi dokotala wamkulu.

Apa ndipo tiyenera kunena mau olimba kwa amene ali ndi ulamuliro. Namwino sangasambe m'manja pa mpopi wouma. Nzomvetsa manyazi kuti m'dziko limene lili ndi nyanja yaikulu chotere mukhale zipatala zina zimene odikirira odwala amatunga madzi pa mjigo ndi kuwasenzera m'chipinda chochiriramo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 ndipo unakantha maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo lathu lino, unatiuza chinthu chomwecho mofuula. Boma linalemba ndondomeko yake yolimbana ndi tizirombo tosamva mankhwala m'chaka cha 2017, ndipo mu May 2023 linayamba kubaya ana katemera wa tayifodi, chimene chili chinthu choyamikika ndithu. Maiko onse, pa msonkhano wa United Nations mu September 2024, analonjeza kuchepetsa maliro amenewa ndi 10 pa 100 pofika 2030. Koma lonjezo la ku New York silidzaza thanki ya pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Maiko olemera, amene anayamba kumwaza mankhwala amenewa m'makola a nkhumba ndi nkhuku zaka zambiri ife tisanawaone bwino, ali ndi ngongole yao. Mankhwala atsopano amene angathe kupha Klebsiella wamakaniyo alipo, koma mtengo wake ndi wa odwala a kwao.

Kodi chuma chotayika chingabwerere? Dziko lathu lili ndi umboni umene maiko ena amabwera kudzaphunzira. Chloroquine atasiya kuchiza malungo, Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumchotsa, m'chaka cha 1993, naika Fansidar m'malo mwake. Patapita zaka 12 akatswiri anamuyesanso pa ana ku Blantyre, ndipo anachiza pafupifupi onse. Tizirombo tamakani tija tinali titazimirira chifukwa panalibenso chotisankha. Kachirombo ka malungo si ka mabakiteriya, ndipo sitinganene kuti mankhwala onse adzabwerera chotero. Ena akapita apitiratu. Koma asodzi a ku chilumba cha Mbenje, ku Salima, angamvetse nkhaniyi. Kumeneko, pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira, amatseka usodzi miyezi ya mvula chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nthawi yotsegula ikafika mabwato amachokera kutali kudzapha nsomba zimene kwina zinasowa. Lamulolo ligwira ntchito chifukwa limanga onse pamodzi, kotero kuti wodziletsa saopa kuti mnzake amdyera.

M'miphakati mwathu muli chizolowezi chabwino chokaona odwala ku chipatala, ndi nsima m'mbale, ndi pemphero. Chizolowezi chimenechi chisathe. Koma gulu la anthu 15 likalowa m'chipinda cha odwala, aliyense napereka moni wa padzanja kwa wodwala uyu ndi uyo, nanyamula khanda la masiku awiri mosinthana, tizirombo tiyenda nao m'njira yonseyo. Kungakhale bwino kuti alowe awiri kapena atatu, atasamba m'manja polowa ndi potuluka, ena napemphera panja. Ndalama ya chopereka cha odwala ingathe kugulako sopo ndi ndowa ya kampopi ya pa chitando cha odikirira. Ndipo Akristu amene ali m'makomiti a zipatala, kapena amene amakhala pafupi ndi khansala ndi phungu wao, afunse pa msonkhano wotsatira kuti m'mwezi wathawu chipinda chochiriramo amai chinakhala masiku angati chopanda madzi, ndipo yankholo lilembedwe m'buku.